Mizere ya Choko Kuseri kwa Chitseko

Kagetsi kofiira kanayamba kuphethira Lachitatu m'mawa, kutangotsala masiku atatu kuti ukwati uchitike. Uvuni wa nthunzi unalira katatu ngati kamwanapiye, kenako n'kukhala chete. Pakagalasi kakutsogolo panaoneka chithunzi cha dontho, kutanthauza kuti m'thanki mulibe madzi.

Amayi a mabanzi, monga mmene aliyense mumsewumo ankawatchulira, anasolola thankiyo. Inali kabokosi ka pulasitiki kolowa m'mbali mwa uvuni ngati dirowa. Madzi anali odzaza mpaka kukamwa. Anaibwezeretsa n'kudina batani, koma uvuni unaliranso katatu.

"Bodza lakelo," anatero okhaokha. "Madzi ndakupatsa. Ukufunanso chiyani, tiyi?"

Anayankhula ngati akuseka, koma nkhawa inali itawagwira kale. Uvuni umenewu anagula ndi amuna awo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Unkatunga madzi m'thanki, n'kuwawiritsa m'kachitini kachitsulo kamene kanali mkati, ndipo nthunzi yake ndi imene inkachititsa kuti mabanzi awo azituluka ofewa ndiponso onyezimira. Keke yophikidwa mmenemo inkatha masiku anayi osauma.

Amuna awo aja anthu ankawatchula kuti a Pang'onopang'ono, chifukwa ngakhale nyumba ikanayaka moto akanayamba amanga kaye zingwe za nsapato. Anali atamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Ali m'chipatala, mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anabwera kudzawauza kuti tsiku la ukwati ladziwika. Bambowo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Keke yako idzatuluka mu uvuni wathu, osati kwina. Ndikapanda kudzuka ine, amayi ako adzaphika." Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Mwamva, amake mwana?"

"Musamayankhule zopanda mutu," anayankha amayiwo tsiku limenelo. Koma anali atamva, ndipo mawu amenewo anagona nawo, kudzuka nawo, miyezi yonseyi.

Pabanjapo ntchito anali atagawana kalekale. Amayi ankakanda, kukongoletsa ndi kugulitsa, pomwe bambo ankasamala uvuni. Lamlungu lililonse masana bambowo ankasolola thanki, n'kukhala pakampando kuseri kwa chitseko cha chipinda chophikiracho, akuitsuka ndi mswachi wakale. Ankatha ola lathunthu.

"Thanki mukuisambitsa ngati khanda," amayiwo ankawaseka. "Ine chikwatirane simunandipesepo ngakhale tsitsi."

"Tabwerani muone mmene ndimachitira," bambowo ankatero.

"Muli moyo inu, ndiphunzirenso chiyani?"

Yankho linali lomwelo Lamlungu lililonse, ndipo onse ankaseka. Chimwalirireni bambowo, chitseko chija amayi anachitsegula mpaka kukhoma n'kuchitsamiritsa ndi njerwa. Kuseri kwake kunali epuloni ya malemuyo, ndipo sankafuna kuiona. Thanki ankangoidzaza ndi madzi alionse amene apezeka. Mpopi ukauma ankathira a pamjigo, omwe aja amasiya zoyera m'ketulo.

Mwana wawo anawapeza atagwira m'chiuno, akuyang'anizana ndi kagetsi kaja.

"Amayi, tiimbire mayi wamagetsi uja ankabwera bambo ali moyo. Nambala yake ndi iyo yamatidwa pambalipo."

Anaimba. Mayi wamagetsiyo anamvetsera bwinobwino, kenako anati ali kutali ndi ntchito ina ndipo afika Lachisanu m'mamawa.

"Zikumveka ngati vuto laling'ono," anatero. "Koma chonde muuzimitse, musauumirize. Ndikafika ndikonza, keke muphika m'mawa womwewo, madzulo n'kukongoletsa. Nthawi ikwana."

Amayi a mabanzi anavomera ndi pakamwa pokha. Lachisanu linali pafupi kwambiri ndi Loweruka. Nanga mayiyo akachedwa? Nanga akapeza kuti vuto ndi lalikulu? M'mutu mwawo munkangozungulira mawu a m'chipatala aja.

Masana kunabwera alamu awo, mng'ono wa malemuyo, atanyamula mipando ya paukwati. Awa dzina lawo lodziwika linali a Ndimatha, chifukwa palibe chimene anavomerapo kuti sachidziwa. Wailesi, njinga, mutu waching'alang'ala, zonse anali nazo ndi mankhwala ake. Sanali munthu woipa. Chimwalirireni achimwene awo ankayesetsa kuima pamalo pawo, kungoti nsapatozo zinkawakulira.

"Mpaka Lachisanu chifukwa cha kagetsi?" anaseka. "Alamu, anthu awa amakonda kuopseza kuti azioneka ofunika. Tandipatsani thankiyo."

Anaiyang'ana padzuwa n'kuloza kampira koyera kamene kanali m'kangodya, pansi penipeni.

"Mwakaona aka? Kali ndi maginito mkati. Madzi akadzaza kamayandama, ndiye uvuni umadziwa kuti madzi alimo. Pano kakakamira pansi, ndiye uvuni ukuganiza kuti mwauma. Basitu. Tingoupusitsa."

Zimene ananenazi zinali zoona, koma zinali theka chabe la nkhani. Anapita kukhitchini n'kumatula maginito okongoletsera pafiriji, kansomba kobiriwira kamene mwana uja anapanga ali kusukulu. Anakamata ndi tepi mkati mwa malo olowera thanki, n'kudina batani. Kagetsi kofiira kanazima, uvuni n'kuyamba kung'ung'udza monga mwa masiku onse.

"Ndiye mumati mudikire munthu wochokera kutali," anatero a Ndimatha akupukuta m'manja.

"Bambo aang'ono, koma mayi uja anati tisauyatse," anatero mtsikanayo.

"Iwe, ganiza za diresi. Zazitsulozi utisiyire."

Amayi a mabanzi anayesa thireyi imodzi ya mabanzi. Anatuluka otuwa, osanyezimira, pamwamba pali polimba ngati a dzana. Zimenezi anaziona ndithu, pakuti maso amene aphika zaka khumi ndi ziwiri sanganamizidwe. Koma mtima ukafunitsitsa chinthu umauza maso kuti akhale chete. Anadziuza kuti mwina ufa wake ndi umene wasintha.

Lachinayi m'mawa anakanda keke. Anaswa mazira makumi atatu, batala anapukusa ndi dzanja mpaka phewa kuwawa, ndipo anathiramo makoko a malalanje operapera monga mmene amuna awo ankakondera. Anaika mapani atatu mu uvuni, n'kutseka chitseko chake mwaulemu ngati akugoneka mwana. Patatha mphindi makumi awiri, uvuni unangoti zii. Nyale yamkati inazima, mabatani onse n'kufa.

A Ndimatha anali panja akumanga tenti. Anabwera, namasula chitsulo chakumbuyo, n'kutulutsa kachinthu kakang'ono ngati njere ya nyemba.

"Kafyuzi aka kapsa. Ntchito yake n'kuvutitsa anthu basi. Ndilumikiza ndi waya, mphindi ziwiri."

Mtsikanayo anaima pakhomo. Ulendo uno sanayankhule ndi bambo ake aang'ono, anayang'ana amayi ake.

"Amayi, fyuzi siipsa popanda chifukwa. Pali chimene yaona. Tiyeni titulutse mapaniwo, tikande ina mawa. Ufa ulipo, mazira tigula ena."

"Keke ikazizira pakatikati imagwa," anatero a Ndimatha. "Alamu, nenani inuyo. Ndilumikize kapena ndisiye?"

Amayi a mabanzi anayang'ana pagalasi la uvuni. Keke inali itayamba kutukuka bwino, ndipo anaona ngati ikuwayang'ana. Palibe anawakakamiza, ndipo zimenezi ndi zimene zinadzawapweteka kwambiri pambuyo pake.

"Lumikizani, alamu," anatero.

Uvuni unadzukanso. Kwa theka la ola zonse zinkaoneka bwino, mpaka a Ndimatha anabwerera kutenti akuimba mluzu. Kenako kunamveka fungo, osati la malalanje, koma la pulasitiki wopsa. Utsi wakuda unayamba kutuluka kumbuyo. Chinachake chinaphulika mkati, ndipo magetsi a nyumba yonse anazima. Mtsikanayo anathamanga kukatsitsa switchi yaikulu, n'kukokera amayi ake panja akutsokomola.

Utsi utatha anabwerera. Keke inali yakuda pamwamba, yamadzi pakati, ikununkha waya. Amayi a mabanzi anasolola thanki. Inali yodzaza mpaka kukamwa, monga mmene anaidzazira Lachitatu. Masiku awiri onsewo madzi sanatsike ngakhale pang'ono.

Mayi wamagetsi anafika Lachisanu dzuwa likutuluka, monga analonjezera. Anali mayi wamfupi, wa imvi za m'mbali, wonyamula chikwama cha zida chachikulu kuposa iye. Atangolowa ananunkhiza, n'kupumira m'mwamba. Anamatula kansomba kobiriwira kaja, kamene kanali katapindika ndi kutentha, ndipo anasolola waya wa a Ndimatha. Anaziika zonse patebulo.

"Uvuniwu ndi umene unayamba kunama," anatero a Ndimatha ndi mawu otsika. "Umati mulibe madzi pomwe alimo."

"Sunaname, bambo," anayankha mayiyo modekha. "Tabwerani nonse muone."

Anatembenuza thanki n'kuwaonetsa kamlomo kapansi kotulukira madzi. Kanali katatsekeka ndi zoyera zolimba ngati mwala.

"Madzi ena, makamaka a pamjigo, amakhala ndi mchere wambiri. Akamawira amasiya zoyera izi, zomwe zija mumaziona m'ketulo. Zinamanga kampira koyandama, zinatsekanso kamlomo aka. Madzi analimo m'thanki, koma samafika kowiritsira. Uvuni unalira kuti uli ndi ludzu, inu munautseka pakamwa ndi maginito. Kachitini kanayamba kupsa kopanda madzi, fyuzi inadzipereka kuti ipulumutse zotsalazo, inu munailambalala ndi waya. Unakuchenjezani kawiri."

"Nanga tikanatani?" anafunsa mtsikanayo.

"Kagetsi ka madzi kakayaka thanki ili yodzaza, choyamba zimitsani, uzizire. Sololani thanki n'kuibwezeretsa mpaka imveke kuti yakhala, chifukwa nthawi zina imangokhala kuti sinalowe bwino. Zikakanika, khuthulani madzi muigwedeze. Kampira kaja kazimveka kakugogoda. Kakakhala chete ndiye kuti kamangika. Muonenso kamlomo kapansi ndi labala wake ngati watsekeka kapena wang'ambika. Mukapeza zoyera, viikani m'mankhwala ake ochotsera zoyerazo, monga mmene kabuku ka uvuni kanenera, n'kutsukuluza bwino. Zikapitirira pamenepo, si zanunso ayi, dikirani wodziwa. Koma kupusitsa chochenjeza kapena kulumikiza fyuzi ndi waya, zimenezo zimaotcha nyumba. Muthokoze kuti nonse muli moyo."

Amayi a mabanzi anatembenukira kwa mayi wamagetsiyo.

"Mukanabwera n'kuupeza mmene unalili Lachitatu, ikanakhala ntchito yaikulu bwanji?"

Mayiyo anazengereza, koma sanali munthu wobisa.

"Ola limodzi, amayi."

"Nanga pano?"

"Kowiritsira kwang'aluka, mawaya asungunuka, ndipo bolodi imene imayendetsa zonse yapserera. Mtundu uwu analeka kupanga kalekale, zipangizo zake sizipezekanso. Ndikanati ndikunamizeni, koma ayi. Uvuniwu wapita. Pepani kwambiri."

A Ndimatha anavula chipewa n'kukhala pansi pakhomo.

"Ndimafuna ndiwathandize achimwene," anatero. "Alamu, mundikhululukire."

"Munandifunsa, alamu. Ndinavomera ndine."

Mayi wamagetsi anayamba kulongedza zida zake, kenako anaima ngati wakumbukira kanthu.

"Chondidabwitsa n'chakuti zaka zonse ndinkabwera kuno, thanki imeneyi inkawala ngati galasi. Bambo aja anali ndi jagi yosefera madzi ndi chitini cha mankhwala. Ankazisunga chapompano."

Asanamuletse, anakankha njerwa ija ndi phazi n'kukoka chitseko.

Epuloni inali pamsomali pake, ili ndi ufa m'thumba. Pakashelefu panali jagi, chitini, kabuku ka uvuni, mswachi wakale ndi kachidutswa ka choko. Khoma lonse linali ndi timizere ta choko, mizeremizere kuyambira m'mwamba mpaka pansi, kamzere kamodzi pa Lamlungu lililonse. Mzere womaliza unathera pakati. Pambali pake panakhomedwa chikatoni chodulidwa ku bokosi la batala, cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zopendekera zimene amayiwo akanazizindikira ngakhale mumdima.

Pamwamba panalembedwa kuti: "Amake mwana, mukadzafuna." M'munsi mwake munali zonse zimene mayi wamagetsi anali atangonena kumene, chimodzichimodzi, mpaka kachithunzi ka kampira koyandama. Pamapeto panali mawu akuti: "Kagetsi kakayaka musakwiye nako, kakukuthandizani. Musathamange." Deti lake linali la sabata imene bambowo anapita kuchipatala.

Amayi a mabanzi anawerenga kamodzi, n'kuwerenganso. Miyezi isanu ndi iwiri yankho linali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pamene ankaima tsiku ndi tsiku. Bambowo anadziwa kuti sabwerako, ndipo m'malo mopuma anakhala pansi n'kuwalembera. Koma amayiwo anatsekera mawuwo kukhoma ndi njerwa chifukwa choopa kulira. Anakhala pakampando kaja, anakumbatira epuloni, ndipo analira kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la maliro.

Keke ya ukwati inaphikidwa masana omwewo mu uvuni wamba wa mayi wina woyandikana nawo. Amayi a mabanzi anaikongoletsa ndi maluwa oyera, manja akugwira ntchito okha, mutu uli kwina. Loweruka anthu anadya n'kuyamikira. Wina mpaka anati, "A Pang'onopang'ono anapita, koma uvuni wawo ukadayankhulabe." Amayiwo anamwetulira monga mwini ukwati amayenera kuchitira. Atayang'ana kutebulo lakutsogolo anapeza mwana wawo akuwayang'ananso, foloko ili m'manja, chidutswa chake asanachikhudze. Lonjezo linali losavuta, ndipo linalephereka. Madzi akatayika saoleka.

Lamlungu masana alendo anali atabalalika. Mtsikanayo anabwera kudzatenga katundu wake wotsala, mwamuna wake akudikira m'galimoto panja. Amayi a mabanzi analowa m'chipinda chophikira, chimene chinali chikadanunkha utsi. Anasolola thanki mu uvuni wakufawo, anasungunula mankhwala m'beseni monga chikatoni chinanenera, n'kuiviika. Kenako anakhala pakampando ndi mswachi uja. Ankadziwa kuti thankiyo sidzamwetsanso uvuni uliwonse, komabe ankatsuka, pang'onopang'ono.

Mwana wawo anadutsa pakhomo atanyamula chikwama.

"Mwanawe, tabwera uone mmene bambo ako ankachitira."

"Amayi, akundidikira panja. Komanso uvuniwo unafa kale. Tikadzagula wina ndidzaphunzira, inu mulipo, ndiye..."

Mawuwo anamuthera m'kamwa. Anali atawamvapo mawu amenewo Lamlungu lililonse kuyambira ali mwana, ndipo tsopano anatuluka pakamwa pake. Amayi ake sanamudzudzule, anangomuyang'ana, mswachi uli m'manja, misozi ikutsika.

Mtsikanayo anaika chikwama pansi. Anapita pazenera n'kuuza mwamuna wake kuti azimitse galimoto, alowe nayenso adzaone. Kenako anagwada pambali pa amayi ake. Anawerenga chikatoni mokweza, amayi akutsuka, mkamwini ataima akumvetsera. Zoyera zija zinayamba kusungunuka n'kugwera m'beseni. Patapita nthawi amayiwo anakhuthula madzi n'kugwedeza thanki pafupi ndi khutu. Kampira kaja kanagogoda.

"Ndi zomwezi basi?" anafunsa mtsikanayo motsitsa mawu.

"Ndi zomwezi basi, mwanawe. Zaka khumi ndi ziwiri bambo ako ankandiitanira zomwezi."

Anatenga choko kuti apitirize mzere umene unathera pakati uja, koma dzanja linakana. Mwana wawo anawagwira dzanjalo, ndipo analemba kamzereko awiri.

Phunziro: Chipangizo chikakuchenjezani, funani chimene chavuta, musachitseke pakamwa. Tsukani thanki ya uvuni wa nthunzi kawirikawiri, thirani madzi oyenera, ndipo zikakukanikani dikirani wodziwa ntchitoyo, pakuti kuthamanga sikufika. Koposa zonse, wokondedwa wanu akakuitanani kuti mudzaone mmene amachitira ntchito, pitani lero lomwe, akadali ndi mawu okuuzirani.